Kandeke kotera pamadzi ndi pamtunda: momwe ntchito yayendera kuno ku Kapata, ku Chipata

9 Malichi 2024

Ndinene poyamba kuti si ndeke yokwera munthu. Ndi kandeke koyendetsa ndi rimoti, mapiko ake mita imodzi ndi theka, koma ndikufuna kazinyamuka ndi kutera pamtunda ndi pamadzi pomwe, popanda kukagwira ndi manja kuti ndisinthe kanthu. Ntchito yanga ndi yokonza mafiriji ndi ma TV, ndipo wondithandiza ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Giredi 11 amene masamu amamumvera kuposa ine.

Ganizoli linandigwira ndili ku Mfuwe m'dzinja lina, mtsinje wa Luangwa utasefukira, misewu ya kumidzi itaduka, madzi ali ponseponse koma poterapo ndeke pali pamodzi pokha. Maonekedwe ndabwereka ku ndeke zenizeni zotera pamadzi ndi pamtunda, SeaRey ya ku Florida ndi Lake Buccaneer: thupi ndi bwato, injini ili pamwamba pa phiko kuthawa madzi, kunsonga kwa mapiko kuli timafuloti. ICON A5, ndeke inanso yotere imene inauluka koyamba mu 2008 ndi injini ya Rotax, mtengo wake umapitirira madola 300,000. Ine ndili ndi K4,000.

Zonse zamagetsi ndaitanitsa ku Lusaka. Rimoti ya FlySky FS-i6 pamodzi ndi risiva yake (kolandira malamulo a rimoti m'kandeke) K1,650, mota ya 2212 ya 1000KV ndi ESC (kolamulira liwiro la mota) ya 30A ndi mapulopela awiri a 10x4.5 K520, ma servo (timamota tosuntha tizitseko ta mapiko ndi mchira) anayi a magalamu 9 pa K75 iliyonse, batire la LiPo la maselo atatu (3S) 2200mAh K780, chaja K650. Katundu wabwera pa basi, K100. Ndalama ija yathera pomwepo, ndisanadule ngakhale kachidutswa kamodzi.

Papepala talemba motere: phiko lotalika masentimita 150, mulifupi 24, kulemera kwa kandeke konse magalamu 1,400.

6 Epulo

Foam sindinagule. Ndi yoyera ija imene amatchingira mafiriji atsopano m'makatoni, ndipo kuseri kwa shopu yanga ilipo yochuluka. Tinadula phiko ndi waya wotentha. Waya ndinamasula mu hita yakufa, ndinaumanga pa uta wa matabwa, moto ndikutenga ku batire la galimoto. Mapatani a kaumbidwe ka phiko kotchedwa Clark Y tinasema pa plywood ya mamilimita 3, zidutswa zimene ndinagula K60 kwa kalipentala.

Mapiko awiri oyamba tinataya. Waya akatentha amatalika n'kulendewera pakati, ndiye kunsonga kumadulika bwino koma pakati pamatuluka chigwa. Tinamangirira sipuling'i ya sitandi ya njinga kumapeto kwa uta kuti izimukoka nthawi zonse. Chinanso, anthu awiri odula aziwerenga mokweza manambala olembedwa pa mapatani, apo ayi wina amatsogola ndipo phiko limapotoka.

Cholakwa chachikulu cha mwezi uno ndi changa ndekha. Ndinagula resin ya polyester ya K180, imene anyamata okonza mabampa a galimoto amagwiritsa ntchito, kuti ndilimbitse phiko. Nditangopaka, foam inayamba kusungunuka ndikuona, ngati shuga m'tiyi. Pasanathe mphindi zisanu theka la phiko linali phala. Pambuyo pake ndinayesa pa tizidutswa: super glue imadya foam imeneyi, guluu wa nsapato amadya, penti ya sipureyi imadya. Zimene sizidya ndi epoxy ndi guluu woyera wa matabwa. Yesani pa kachidutswa kaye, ine ndinayesa pa phiko.

4 Meyi

Bwato latha. Kutalika masentimita 105, mulifupi pamimba 14. Ndalikuta ndi pepala la khaki la matumba a simenti, loviika m'guluu woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Likauma limakoka n'kulimba ngati chikopa cha ng'oma. Koma limakoka ndithu: phiko ndinakuta pamwamba pokha tsiku loyamba, m'mawa ndinalipeza litapinda ngati nthochi. Muzikuta mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, n'kutsindika ndi njerwa pathebulo losalala. Guluu K85, epoxy machubu awiri K190.

Guluu woyera amafewa akanyowa, choncho pamwamba pake ndapaka vanishi katatu, K210. Apa ndi pamene sikelo inayamba kundikhumudwitsa. Tisanapake inali pa magalamu 1,430. Titapaka, 1,560. Vanishi yekha walemera kuposa mota ndi ESC pamodzi.

Pansi pa bwato pamakhala sitepe, pamene mimba imaduka n'kukwera pang'ono ngati sitepe ya pakhonde. Ndinaiona pazithunzi, ndinaiika pamene diso langa linakonda, yakuya mamilimita 4, ndipo m'mbali mwake ndinakwecha ndi sandipepa kuti mukhale mobulungira bwino. Ndalemba izi dala, tidzabwererako.

Tinayesa m'bafa losambira ana. Kakuyandama, madzi sakulowa.

25 Meyi

Tsiku la Africa Freedom, bwalo la mpira la kumudzi kwa alamu anga, msewu wa ku Chadiza. Ndinasankha kumeneko kuti ndikhale kutali ndi bwalo la ndeke la Chipata ndi nyumba za anthu. Za ma drone ndi tindeke totere m'dziko muno amayang'anira ndi a Civil Aviation Authority, ndiye wofuna kumangirira kamera kapena kupangira ndalama akafunse kumeneko kaye.

Timatayala ndinangomangirira ta kanthawi, K90 tiwiri, miyendo yake masipoko a njinga. CG, pamene kandeke kamakhazikika ukakanyamula pa zala ziwiri, ili masentimita 7 kuchokera kutsogolo kwa phiko.

Kananyamuka patatha mamita ngati 20, ndipo ana onse a m'mudzi anakuwa. Koma m'manja mwanga munali nkhondo. Ndikawonjezera moto, mphuno imagwa. Ndikachepetsa, mphuno imadzuka. Chifukwa chake n'choonekeratu ukachiganiza uli pansi: mota ili pamwamba, ndiye ikakoka imakhala ngati munthu wakukankha pamutu. Pofuna kutera ndinadula moto wonse kamodzi, mphuno inaloza kumwamba, liwiro linatha, kanagwa ndi phiko la kumanzere. Nsonga ya phiko inathyoka, pulopela imodzi inapita, masipoko anapindika ngati ngowe.

Ndaika mawasha awiri kumbuyo kwa masikuluwu a pansi a mota kuti iloze m'mwamba madigiri 3 kapena 4. Mu rimoti ndasakaniza moto ndi elevator, kachitseko ka kumchira kokweza mphuno, kuti moto ukakwera nako kazikwera pang'ono, 8 peresenti. Sabata yotsatira tinabwerera, kanauluka maulendo anayi a mphindi zisanu ndi imodzi popanda vuto. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ntchito yatsala pang'ono.

1 Julayi

Holide ya Heroes. Damu lomwera ng'ombe la pafamu ina kufupi ndi kwa alamu, mwini wake bambo wachikulire amene anatilola ndi mtima umodzi. Madzi atsika kale chifukwa mvula ya chaka chino inadula mu Januwale, koma patsala mamita ngati 120 oti n'kuthamangapo. Tinachotsa timatayala kuti tione za bwato zokha.

M'mawa kunali bata, madzi ali ngati galasi, ine n'kumati ndiye zabwino. Ndinakankha moto wonse. Kandeke kanayamba kuyenda, kakukankha phiri la madzi patsogolo pake, mchira utamira, mota ikulira momvetsa chisoni. Madzi ochoka kumphuno amawazika m'mwamba n'kumenya pulopela, phokoso lake ngati ukukazinga chimanga. Kanafika tsidya lina osadzuka ngakhale chala chimodzi. Ndinatembenuza, chimodzimodzi. Kasanu, mpaka batire linatha.

Mwini famu anali ataima ndi ndodo yake akuonerera. Anati, "Bambo, chimene mwapangachi ndi ndeke kapena ndi bakha? Ngakhale bakha wanga amayesako kudumpha." Abusa a ng'ombe anaseka mpaka kugwa pansi.

Ulendo wotsiriza batire linathera pakati pa damu. Mnyamata anafuna kuvula kuti akasambire, ndinamukaniza. M'madamu a ng'ombe ngati limeneli muli nkhono za likodzo, sindifuna kukayankha mlandu kwa mlongo wanga. Tinadikira mphindi makumi anayi kuti kamphepo kakakankhire kumtunda. Kuyambira tsiku limenelo timanyamula mbedza ya nsomba yokhala ndi mpira wa tenisi kunsonga kwa chingwe, woponya kuseri kwa kandeke n'kukoka.

Titatsegula, m'mimba munali madzi theka la kapu. Analowera pachitseko cha batire, osati pansi.

13 Julayi

Masabata awiri ndinkaimba mlandu mota. Amene anandibweza ndi mnyamata. Anatenga supuni, anaigwira kumchira ndi zala ziwiri ikulendewera, nati, "Amalume, thirani madzi apa." Ndinathira kuchokera m'jagi, iye n'kuyandikiza msana wa supuni ku madziwo. Supuni inakokedwa n'kumamatira mumtsinjemo. Madzi oyenda amatsata chinthu chobulungira n'kuchikoka. Bwato langa lonse pansi linali msana wa supuni, ndipo ndinalikwecha ndekha ndi sandipepa kuti likhale lotero.

Ntchito ya sitepe ndi kudula madziwo kuti asiye thupi, mpweya ulowe kumbuyo kwake, kandeke katsale kakutsetsereka pa kachigawo kakang'ono ka mimba. Vuto limeneli ndi lakale. Henri Fabre ananyamuka pamadzi koyamba ku France mu 1910, ndipo Glenn Curtiss ku America anavutika ndi bwato lokana kusiya madzi mpaka anaika sitepe mu 1912. Ine ndinali ndi zithunzi zawo zonse pafoni koma sindinayese ndi rula.

Nditayesa ndinapeza zolakwa zitatu. Sitepe inali masentimita 6 kumbuyo kwa CG, kutali kwambiri, ndiye kulemera konse kumatsindika mphuno m'madzi ndipo elevator sikanatha kuidzutsa. Kuya kwa mamilimita 4 pa bwato la masentimita 14 n'kochepa, pepala ndi vanishi zinali zitadyako kale theka. Ndipo kuchokera pa sitepe kupita kumchira mimba inali yongogona, osakwera, choncho mphuno ikafuna kudzuka mchira umakhudza madzi n'kugwidwanso.

Ndinadula mimba yonse ndi mpeni, mtima ukuwawa. Sitepe yatsopano ili sentimita imodzi ndi theka kumbuyo kwa CG, yakuya mamilimita 12. Kumbuyo kwake mimba ikukwera madigiri 7 mpaka kumchira. Mlomo wa sitepe ndi m'mbali monse mwa bwato ndamata pulasitiki yodula ku chigubu cha mafuta ophikira, kuti mukhale makona akuthwa oti n'kukanda chala. Kuyambira kumphuno mpaka pa sitepe pulasitikiyo ndaitulutsa mamilimita 6 kunja, yopendekera pansi, kuti izibweza madzi asakwere ku pulopela. Epoxy chubu chachitatu, K95. Pachitseko cha batire ndamata labala ya chitseko cha firiji, risiva ndailowetsa mu baluni n'kumanga pakamwa. ESC musaiike mu baluni, imafuna mpweya, yanga ndangoikweza pamwamba pansi pa phiko.

Sikelo: 1,620.

5 Ogasiti

Tsiku la alimi, ndipo mphepo ya Ogasiti yayamba. Damu latsika kwambiri, patsala mamita ngati 80, m'mphepete monse matope opondedwa ndi ng'ombe.

Kusiyana kunaoneka pa mamita khumi oyamba. Mphuno inadzuka, phiri la madzi lija linatsetserekera kumbuyo, kandeke kanakwera pa sitepe n'kuyamba kuthamanga pamwamba pa madzi, kakusiya kamzere koyera. Phokoso la chimanga lija kulibe. Timafunde ta mphepo tinathandizanso, chifukwa timalowetsa mpweya pansi pa bwato. Madzi a galasi amene ndinawayamikira mu Julayi ndiye ovuta kwambiri kunyamukapo.

Koma kunyamuka sikananyamuke. Kamafika pa liwiro loti katsala pang'ono, damu n'kutha. Ulendo wachitatu ndinayesa modutsa mphepo kuti ndipeze mtunda wautali. Mphepo inanyamula phiko la kumanja, fuloti ya kumanzere inamira, kandeke kanazungulira pomwepo ngati nguli. Sikanapidiguke, koma mchira unamira wonse, ndipo servo ya rudder, kachitseko kokhotetsa kandeke, imene ndinaiika kumchira komweko inayamba kunjenjemera yokha. Madzulo inali itafa.

Kunyumba ndinamangirira kandeke ku sikelo yopachika ya nsomba. Mota ya 2212 ikukoka magalamu 720 okha, pa kandeke ka 1,620. Pamtunda zimakwana, pamadzi ayi. Wogulitsa analemba zoposa pamenepo, koma sindimunena bodza. Chipata ili pamwamba kupitirira mamita 1,000, mpweya wa kuno ndi wopepuka. Mnyamata anawerengera kuti masana otentha a Okutobala umachepa ndi pafupifupi 18 peresenti poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, umene manambala a m'mabuku amatengera. Pulopela imagwira zochepa, phiko limanyamula zochepa.

Ndaitanitsa mota ya 3536 ndi ESC ya 40A, K980, basi K100. Servo yatsopano K75, ndipo iyi ndaiika m'kati mwa thupi, kumchira kukupita waya wokankha yekha. Timafuloti ndakulitsa n'kutipendeketsa mphuno m'mwamba kuti tikakhudza madzi tizitsetsereka m'malo mokumba. Pansi pa rudder ndawonjezera kapulasitiki kolowa m'madzi masentimita 2, chifukwa pa liwiro lochepa kandeke kamangotembenukira kumene mphepo ikuchokera ngati tambala wa padenga.

14 Sepitembala

Mota yafika, ikukoka magalamu 1,350. Damu lauma. Mwini famu akumwetsa ng'ombe pachitsime chokumba pakati pa damu lomwelo. Sindinatchule n'komwe za kandeke, chaka chino anthu akulira chimanga.

24 Okutobala

Popeza madzi kulibe, miyezi iwiriyi yapita ku timatayala topinda, chimene chimasiyanitsa kandeke aka ndi bwato louluka wamba.

Miyendo yonse iwiri ili pa chitsulo chimodzi chodutsa m'thupi, chozungulira m'kati mwa paipi ya kopa ya firiji yodzaza Vaseline. Servo imodzi yaikulu ya magiya achitsulo, K230, magalamu 55, imazunguza chitsulocho, miyendo n'kukwera m'mbali mwa bwato mpaka pansi pa phiko. Masipoko a njinga ndawasiya, ngakhale kuno kwathu kwa njinga amapezeka pakona iliyonse. Ndi ofewa. A njinga yamoto ndi amene apirira.

Paipi yoyamba ndinaiboolera m'munsi kuti miyendo ikhale yaifupi. M'bafa madzi analowera momwemo, Vaseline kapena ayi. Ndinatseka, ndinaboola ina masentimita 2 pamwamba pa mzere wa madzi, miyendo n'kutalika. Kenaka potera pabwalo servo ndi imene imasenza kulemera konse, imalira ndi kutentha mpaka kuwotcha chala. Ndinasintha kuti mwendo ukatsika uzipitirira pang'ono poima chilili n'kukatsamira kathabwa. Tsopano kugunda kwa pansi kumathera pakathabwako, servo imangopuma.

Batire landifera, ndipo mlandu ndi wanga. Magetsi masiku ano amabwera maola ochepa, nthawi zambiri pakati pa usiku, chifukwa madzi a ku Kariba atsika. Ndiye ndinazolowera kuti akangobwera ndidzaze chilichonse. LiPo ndinaidzaza mpaka 12.6V n'kuisiya m'shopu ya malata milungu itatu m'kutentha kwa Okutobala. Ndinaipeza itatupa ngati chitumbuwa. Batire lotere silifunanso kuchajidwa, limatha kuyaka. Ndinalitsitsa moto wonse ndi babu la galimoto panja pamchenga n'kulichotsa. Latsopano K800. Losagwira ntchito lizikhala pa 3.8V selo iliyonse, pamthunzi, ndipo tsopano ndimachaja ku batire la galimoto m'mawa wa tsiku loulutsa.

Lero dziko la Zambia lakwanitsa zaka 60 za ufulu, ndipo mbuya wanga wa Chibemba wogulitsa masipeya pafupi ndi shopu wandipatsa dzina. Akuti ndine Nkoloso, uja Edward Mukuka Nkoloso amene mu 1964 ankagubuduza anyamata m'migolo kuti akafike kumwezi Amerika asanafike. Ndamuuza kuti Nkoloso anali wakwawo kumpoto, ife akum'mawa timayamba tayesa m'bafa. Iye akuti kandeke kadzanyamula mbewa zingati. Koma za ndeke zotera pamadzi si zachilendo m'dera lino. Mabwato ouluka a BOAC, kampani ya ndeke ya ku Britain, ma Short Solent, ankatera pa Zambezi kufupi ndi Victoria Falls kuyambira 1948 paulendo wa ku Johannesburg, ndipo mu 1949 ndi 1950 ankateranso ku Cape Maclear pa nyanja ya Malawi. Anasiya pamene mabwalo a pamtunda anachuluka.

Sikelo: 1,790. Papepala paja tinalemba 1,400. Pa phiko lomwelo, ndiye kuti kandeke kayenera kuthamanga kwambiri kuti kanyamuke, ndipo kamatera mothamanganso. Ndayesa pabwalo ndi mota yatsopano, kakuuluka bwino, koma mphindi zatsika kufika zisanu, ndipo mawasha ndawonjezera limodzi chifukwa kugwetsa mphuno kuja kunabwerera ndi mphamvu yatsopano.

25 Januwale 2025

Damu ladzaza mpaka m'maudzu. Walira mvula walira matope: galimoto ya alamu inatitimira mamita 300 tisanafike, tinanyamula zonse pamutu.

Tinagwirizana ndi mnyamata kuti iye ntchito yake ndi imodzi. Ndisananyamuke kapena kutera azifunsa mokweza, "Amalume, mukutera pati? Matayala ali kuti?" ine ndiziyankha ndikuyang'ana kandeke, osati rimoti. Oyendetsa ndeke zenizeni za mtundu uwu amachita chimodzimodzi, amanena mokweza potera paliponse.

Kamphepo kochepa kochokera kum'mawa. Ndinaloza mphuno kumphepo, elevator yonse m'mwamba, moto pang'onopang'ono. Kanakwera pa sitepe pa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Apa ndinaphunzira chinthu chimene sindinachiwerenge paliponse mokwanira: ukapitiriza kukoka elevator kali pa sitepe, mchira umakhudza madzi ndipo liwiro limaima. Ukaisiya yonse, mphuno imagwa n'kuyamba kudumphadumpha ngati chule, kudumpha kulikonse kukukulirakulira. Kawiri ndinadula moto chifukwa cha kudumphako. Pali pakati pena pake, chala chikungokhudza ndodo ya rimoti, pamene kamatsetsereka mosalala. Ulendo wachitatu ndinapapeza. Kanathamanga mamita ngati 35, kamzere koyera kaja kanaduka, madontho akugwa kuchokera pa sitepe, kali m'mwamba.

Ndinazungulira kawiri, ndinatsitsa matayala, ndinatera pamsewu wa ngolo wa m'mbali mwa damu. Mwini famu anavula chipewa, nati, "Bambo, bakha uja wakula." M'mimba munali madzi masupuni awiri.

8 Febuluwale

Mnyamata ali Giredi 12 tsopano, Loweruka amakhala kusukulu. Ndinapita ndi alamu.

Ndinanyamukira pamsewu wa ngolo, ndinazungulira katatu, ndinabwera kudzatera pamadzi. Kanatsika bwino kwambiri, mwina kutsika kwabwino kuposa konse kumene ndachitapo. Matayala anali pansi. Atangokhudza madzi anagwira ngati mabuleki, mphuno inalowa chubwi, kandeke kanapidiguka chagada m'kuphethira kwa diso. Alamu akuti anawaona matayalawo, koma ankayesa kuti ndi mmene zimakhalira.

Mpira wa tenisi unagwira paulendo wachisanu ndi chimodzi. Pofika kumtunda kanali katakhala chagada m'madzi mphindi khumi, mota ndi ESC zili pansi pa madzi, batire lili cholumikiza. Choyamba ndinachotsa batire. Nsanamira ya mota yang'aluka patsinde. Servo ya aileron, kachitseko ka paphiko la kumanja, yafa, K75 ina. Phiko lamwa madzi pamene vanishi inang'ambika, pepala lafewa kukula ngati chikhatho, ndipo sikelo inaonetsa magalamu 90 owonjezera, madzi okhaokha olowa pakati pa timibulu ta foam. ESC ndinaitsuka ndi spirit, ndinaiyanika masiku atatu pamthunzi, yadzuka. Mota ndinaipemerera n'kudontheza mafuta a makina osokera m'mabering'i. Risiva mu baluni yake inali youma.

Pa kandeke ndataya servo ndi masabata awiri. Pa ndeke yeniyeni kulakwa komweku kumapha anthu, chifukwa imapidiguka chimodzimodzi iwo ali omangidwa malamba m'kati.

Miyendo ndi matayala ndapaka penti yofiira yowala kuti zizioneka patali, poyamba zinali zakuda pa thupi la khaki. Switch ya matayala ndaisamutsira pakona ya kumanzere payokha, ndaivala kachubu ka labala kuti chala chiziizindikira. Alamu ndawaphunzitsa funso lija.

1 Malichi

Phiko linauma sabata ndi theka. Ndinadula pepala lofewa, ndinamata lina, vanishi kawiri pamalopo pokha. Nsanamira ndaimanga ndi plywood mbali zonse ziwiri.

Lero maulendo atatu pa batire limodzi lochajidwa kawiri ku galimoto: kuchoka pamadzi kutera pamtunda, kuchoka pamtunda kutera pamadzi, kuchoka pamadzi kutera pamadzi. Potera pamadzi ndimasiya moto pang'ono mpaka sitepe itakhudza, chifukwa kudula wonse kumadzutsabe mphuno ndipo kamadumpha.

Ndalama zonse kufika lero ndi K7,170, osawerengera mafuta a galimoto ya alamu. Mwa zimenezo, resin, batire loyamba, ma servo awiri ndi mota yaing'ono ndi zimene ndikanapewa. Mota yaing'onoyo sinatayike, mnyamata akuti apangira kake ka pamtunda pokha.

Zotsala ndi izi. Madzi masupuni awiri aja akulowabe ulendo uliwonse ndipo sindinapeze polowera, ndikukayikira pamene waya wa rudder amatulukira. Kulemera kwa 1,790 n'kochuluka pa phiko ili, kandeke sikanganyamule kanthu koposa bokosi la machesi. Phiko lotsatira likhala la masentimita 170, lokutidwa ndi pepala lopyapyala la maenvulopu m'malo mwa la simenti, vanishi kawiri m'malo mwa katatu, ndipo ndiziika pa sikelo ndikangomaliza kupaka kulikonse. Bwato sindilikhudza. Foam ya firiji ya zitseko ziwiri ili kale kuseri kwa shopu, tikudula Sande masana mnyamata akaweruka ku tchalitchi.